Kodi msonkhano wa alembi unditulutsira buku langa?

Funso: Ndine mayi wamasiye, ndimakhala ku Area 25 ndipo ndili m'chigwirizano cha amayi ku mpingo wathu wa CCAP. Amuna anga atamwalira zaka zisanu zapitazo, achibale awo anatenga nyumba ndi katundu yense, ine n'kutsala ndi ana atatu. Mmene Mulungu anandidzutsira ndinazilemba m'makope anayi a sukulu, ndipo mwana wanga wamkulu wazitaipa pa kompyuta, zakwana masamba 180. Pa gulu lathu la WhatsApp pabwera uthenga woti mwezi wamawa kuno ku Lilongwe kuli msonkhano wa masiku atatu wa alembi achikhristu, ndipo akuti kudzabwera akonzi ndi osindikiza mabuku. Ndalama yolowera ikufanana ndi matumba awiri a chimanga. Kodi ndikalipira n'kupita ndi zolemba zangazi, buku langa lituluka? Ndayamba kale kusala kudya chifukwa cha nkhaniyi.

Yankho: Mayi, pepani kwambiri ndi zimene munakumana nazo, ndipo zikomo kuti simunangozikwirira mumtima koma munagwira cholembera. Masamba 180 si masewera. Anthu ambiri amene amandiimitsa pakhomo pa tchalitchi n'kunena kuti ali ndi buku amakhala kuti bukulo lili m'mutu, ndipo limakalamba m'mutu momwemo. Inu munawadutsa kale amenewo.

Koma ndiyankha mosapsatira mawu: ayi, msonkhano sutulutsa buku. Pa zaka zonse zimene ndagwira ntchito ya ukonzi sindinaonepo mkonzi akulandira zolemba Lachinayi n'kusaina mgwirizano Loweruka. Ngati ndalama ya matumba awiriwo mukuipereka ngati chikole cha buku, isungeni, ana adye. Ngati mukuipereka ngati fizi ya sukulu ya masiku atatu, pamenepo tikhoza kukambirana, chifukwa msonkhano wokonzedwa bwino uli ndi zina zimene simungazipeze mutakhala pakhonde panu ku 25.

Pali liwu limodzi limene latipusitsa ambiri. M'Chichewa timati "kusindikiza buku" pa ntchito ziwiri zosiyana kotheratu. Pali munthu wa makina, amene mumamupatsa fulashi ndi ndalama, iye n'kukupatsani makatoni a mabuku. Ameneyu sawerenga zimene mwalemba. Ngakhale mutalemba kuti Yona anamezedwa ndi ng'ona, adzapulinta momwemo bola mwalipira, ndipo palibe chomudzudzulira, ntchito yake ndi imeneyo. Ndiye pali wofalitsa mabuku. Uyu amawerenga, amasankha, amalipira mkonzi ndi wojambula chikuto, amalipira wa makina uja, kenako amakagulitsa, inu n'kumalandira kagawo pa buku lililonse logulidwa. Kagawoko kawirikawiri kamazungulira pa 10 peresenti. Poti ndalama zimene zikulowa ndi zake, wofalitsa amakana zolemba zambiri kuposa zimene amalandira. Tsono uthenga ukati kudzabwera osindikiza, imbirani okonza msonkhanowo muwafunse kuti ndi a mtundu uti, ndipo akutchulireni maina. Mukatero pitani ku laibulale yaikulu ya National Library Service ku City Centre, kapena m'masitolo a mabuku achikhristu m'tauni, mukaone ngati mabuku a anthu amenewo alidi pa shelefu.

Palinso mtundu wachitatu, ndipo ndi umene ndimauopa. Amavala ngati wofalitsa koma amadya ngati wa makina. Awerenga masamba awiri, akuuzani kuti bukuli ladzozedwa ndipo dziko lonse likuliyembekezera, kenako akutulutsirani mtengo. Abusa ena amene ndimadziwana nawo anagulitsa puloti chifukwa cha mawu otere. Mabuku anabweradi, okongola chikuto, koma m'kati zolakwika zili mbwee, mavesi ena osokonekera manambala, ndipo kampaniyo sinagulitse ngakhale limodzi. Makatoniwo mpaka lero ali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, chiswe chikuwerenga. Kulipira kuti buku lanu lituluke si tchimo, ndifikako pansipa. Choipa n'kulipira mukuganiza kuti mwasankhidwa.

Ofalitsa mabuku achikhristu m'dziko muno alipo, ndipo aliyense ali ndi chakudya chake. CLAIM, bungwe limene mipingo inakhazikitsa mu 1968 ndipo likulu lake lili ku Blantyre, latulutsa mabuku ambiri a Chichewa a anthu wamba a mumpingo. Kachere ya ku Zomba inabadwira m'dipatimenti ya maphunziro a zaumulungu ku Chancellor College, ndipo iyo pamodzi ndi Mzuni Press ndi Luviri Press za ku Mzuzu zimadziwika kwambiri ndi mabuku a kafukufuku, mbiri ya mipingo ndi zaumulungu. Akatolika ali ndi Montfort Media ku Balaka, komanso Likuni Press pafupi pompano. Kunja kuli Paulines ku Nairobi, Oasis International, ndi HippoBooks ya bungwe la Langham, koma kumeneko n'kwa zolemba za Chingerezi makamaka. Munthu wotumiza umboni wa moyo wake kwa wofalitsa amene amafuna kafukufuku wa ku yunivesite akakanidwa amabwerako akuti zolemba zake n'zoipa, chonsecho anangolakwitsa khomo. Muyambe mwagwira mabuku atatu kapena anayi a wofalitsa amene mukumufuna, muone kukula kwake, chinenero chake, mtengo wake, ndipo mudzifunse ngati lanu lingakhale pakati pawo osaoneka mlendo.

Inu a Sinodi ya Nkhoma musadzione ngati mukuyamba zachilendo. Buku Lopatulika linatuluka mu 1922, ndipo ntchito yaikulu yolimasulira inachitikira m'dera lanu lomweli, motsogozedwa ndi William Murray. Samuel Nthara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, analemba Nthondo m'chinenero chathu n'kupata nalo mphoto pa mpikisano wa alembi a mu Africa mu 1933. Njira inalambulidwa kale. Chimene chavuta masiku ano ndi ndalama. Mapepala ndi inki zimachokera kunja, zimagulidwa ndi madola, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wopulinta unakwera nawo. Ofalitsa ambiri amapumira mabuku a sukulu, chifukwa amenewo ogula ake ndi odziwika. N'chifukwa chake mkonzi akamakumvetserani mwaulemu, mumtima mwake mumakhala funso limodzi lokha: adzagula ndani, ndipo ndi angati?

Nanga msonkhano umapereka chiyani? Misonkhano yotere ilipo yaikulu ndi yaing'ono. Waukulu wodziwika ndi LittWorld, wokonzedwa ndi bungwe la Media Associates International, umene unachitikirapo ku Kenya ndi ku Singapore. Koma kaya ndi wa ku Singapore kaya wa m'holo ya tchalitchi ku Kawale, phindu lake limagona malo awiri. Poyamba ndi mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu zimene mumakhala pansi ndi mkonzi, iye atagwira tsamba lanu ndi cholembera chofiira. Kwina ndi pa nthawi ya tiyi, pamene mumakumana ndi anzanu awiri kapena atatu amene mudzapitirize kuwerengerana nawo zolemba msonkhano utatha. Zokamba za kutsogolo zija, zambiri mukhoza kuzipeza m'mabuku. Choncho pemphani pologalamu musanalipire. Ngati masiku atatu onse adzaza maulaliki, kudzoza zolembera ndi kulandira alendo olemekezeka, popanda nthawi yoti munthu awerenge zolemba zanu n'kukuyankhani, chimenecho ndi chitsitsimutso. Chitsitsimutso n'chabwino, koma kumpingo kwanu mumachipeza ulere. Ndinenenso izi, poti tinazolowera misonkhano ya mabungwe: kuno kulibe alawansi, ndipo ya minibasi ndi yanu.

Mukaganiza zopita, musanyamule masamba onse 180, ndipo makope anayi a pamanja aja asatuluke m'nyumba. Tengani tsamba limodzi lofotokoza kuti bukuli likunena chiyani, mwalembera yani, ndipo inu ndinu ndani. Pamwamba pake onjezani mutu umodzi umene mukuukhulupirira, masamba osapitirira khumi, opulintidwa mbali imodzi, mizere yotalikirana kuti mkonzi apeze polemba. Dzina ndi nambala ya foni zikhale pa tsamba loyamba. Konzani mitokoma yotere itatu. Mwana wanu asunge zonse pa fulashi komanso azitumize ku imelo yake, kuopa kompyuta kufa.

Ndipo phunzirani kunena buku lanu m'ziganizo ziwiri. Apa ndi pamene alembi achikhristu ambiri timagwera. Mkonzi akafunsa kuti bukuli ndi la yani, timayankha kuti ndi la aliyense, ana ndi akulu, opulumutsidwa ndi osapulumutsidwa. Buku la aliyense palibe amene amalimva kuti ndi lake. Taonani Luka: uthenga wake wafika padziko lonse, koma iye pouyamba akulankhula ndi munthu mmodzi, Teofilo, ndipo akumuuza chifukwa chimene akumulembera. Teofilo wanu ndi ndani? Ine ndikumuona: mayi amene maliro a mwamuna wake angotha kumene, achibale ayamba kuwerenga mipando ndi maso, ndipo iye sakudziwa ngati kudandaula n'kusakhulupirika pamaso pa Mulungu. Mukamuuza mkonzi kuti mwalembera mayi ameneyu, ndipo kuti amayi otere mumakhala nawo m'chigwirizano sabata ndi sabata, mwamuyankha kale funso lake lija la ogula.

Chinthu china ndikupempheni, ndipo musandimve molakwa. Musakayambe ndi mawu akuti Mulungu anakuuzani kuti mulembe bukuli. Sindikukana kuti anakuuzani. Koma aliyense amene adzakhale pa mpando umenewo tsiku limenelo adzanena zomwezo, ndipo mawuwo amamanga mkonzi manja: akonza bwanji chiganizo chimene mwanena kuti chatsika kumwamba? Luka yemweyo akunena kuti anafufuza zonse mosamala kuyambira pachiyambi kuti alembe mwadongosolo. Kudzozedwa sikunamuchotsere thukuta. Pitirizani kusala ndi kupemphera, koma m'pempherolo muikemonso kuti mukapatsidwe mtima wopirira cholembera chofiira. Wakutsina khutu ndi mnansi. Mkonzi amene wadzaza tsamba lanu ndi zofiira wakulemekezani kuposa amene wangoti "zili bwino, Ambuye akudalitseni" n'kuyang'ana wotsatira.

Zolemba zanu sindinazione, koma maumboni ndawerenga ambiri ndithu, ndipo matenda ake amafanana. Amayambira kutali: ndinabadwa chaka chakuti, m'mudzi mwa akuti, ndinayamba sukulu pakuti. Wowerenga amafika tsamba 40 mwamuna asanadwale n'komwe. Kenako pofika pa nkhani yeniyeni, pamene pakuwawa, wolemba amathawa. Amalemba kuti "ndinakumana ndi mayesero ambiri koma Yehova anali nane", n'kutsanulira mavesi asanu, ulaliki n'kuyambika. Mayi, ulaliki timaumva Lamulungu lililonse. Chimene abusa sangatipatse pa guwa ndi tsiku limene galimoto yodzanyamula katundu inaima pakhomo panu. Inali nthawi yanji? Anayamba kunyamula chiyani? Mwana wamng'ono anagwira chiyani osafuna kuchisiya? Anansi anaima pati, ndipo ndani analankhula? Usiku umenewo munagona kuti, ndipo munapemphera kapena pakamwa panauma? Ngati munakhala miyezi itatu osatha kupemphera, lembani zimenezo. Mayi uja amene mukumulembera akawerenga kuti nanunso munakwiyirapo Mulungu, ndi pamene adzakhulupirire tsamba limene mukunena kuti anakudzutsani. Masalimo adzaza madandaulo otere, ndipo palibe anawachotsa m'Baibulo.

Mukachita zimenezi mudzapeza kuti masamba 180 aja atsika, mwina kufika 64 kapena 80. Musalire. Mabuku amapulintidwa pa mapepala aakulu amene amapindidwa kukhala masamba 16 kapena 32, choncho kabuku ka masamba 64 kamakwana bwino, kamangomangidwa ndi mawaya pakati, ndipo mtengo wake mayi wogulitsa tomato pa Nsungwi akhoza kuufikira. Buku lonenepa lomata ndi guluu limaoneka laulemu pa tebulo la mlendo wolemekezeka, koma Teofilo wanu sangaligule.

M'masamba otsalawo ndikanakonda mutasiya malo a chinthu chimodzi. Kuyambira mu 2011 dziko lino lili ndi lamulo la chuma cha masiye limene limati kulanda katundu wa womwalira kwa mkazi ndi ana ndi mlandu. Amayi ambiri a m'mipingo mwathu sadziwa zimenezi, ena amaganiza kuti kupita kukadandaula n'kusowa chikhulupiriro. Mutu umodzi waufupi wofotokoza lamuloli, ndi ubwino woti banja lilembe wilo onse ali moyo, wowerengedwa ndi munthu wodziwa malamulo musanautulutse, ungachititse kuti bukuli lisakhale longotonthoza. Ndipo wofalitsa amaona msanga buku limene magulu a amayi ndi mabungwe angagule ambiri nthawi imodzi.

Tsopano za achibale aja. Ali moyo, ndipo ndi azibambo aang'ono ndi azakhali a ana anu. Mukawatchula maina m'buku n'kuwanena kuti anaba, akhoza kukusumirani kuti mwawaipitsira mbiri, ndipo wofalitsa wanzeru sadzalola n'komwe. Sinthani maina, sinthani mudzi, chotsani zizindikiro zoti munthu wa kumudziko angalozere chala. Khalaninso pansi ndi ana anu, makamaka amene anataipa uja, muwafunse zimene sakufuna kuti dziko lidziwe. Nkhaniyi ndi yawonso. Ndipo dzifunseni nokha, usiku muli chete, ngati pali masamba ena amene munalemba kuti alamu anu akawawerenge n'kumva kuwawa. Amenewo amadziwika, amatentha mosiyana ndi ena, ndipo wowerenga amawanunkhiza.

Za chinenero sindichedwapo. Pa msonkhano mudzamva ena akuti lembani m'Chingerezi kuti mufike kutali. Owerenga anu amalira m'Chichewa, alembereni m'Chichewa. Kungoti chikhale cholembedwa bwino: kalembedwe kamodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osati apa "mau" apo "mawu". Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa a Centre for Language Studies ku Zomba ukuthandizani, ndipo mphunzitsi wa Chichewa wa ku sekondale amene muli naye mumpingo akhoza kukuwerengerani. Mavesi atengeni m'Baibulo limodzi, kaya Buku Lopatulika kaya Buku Loyera la mu 1998, munene kumayambiriro kuti mwagwiritsa liti, ndipo vesi lililonse mulitsegule n'kulikopera, osalemba za pamtima. Mukafuna kuika nyimbo yathunthu ya munthu wina, pemphani chilolezo.

Ambiri amaopa kuti akaonetsa zolemba zawo adzaberedwa. Lamulo la umwini wa zolemba la mu 2016 limakutetezani, ndipo bungwe la COSOMA, limene maofesi ake ali konkuno ku Lilongwe, ndi limene limaona za nkhanizi. Mukhoza kukawafunsa za kalembetsedwe. Makope anu a pamanja aja ndi umboninso. Koma kunena zoona, alembi ambiri amene ndawaona akulira sanaberedwe ndi wakuba, anasaina okha. Tsiku limene mudzapatsidwe mgwirizano musadzasainire pomwepo chifukwa cha chimwemwe. Pitani nawo kunyumba. Muone kuti mukupereka ufulu wa bukulo kwa zaka zingati, m'zinenero ziti, gawo lanu ndi lotani ndipo liziperekedwa liti, komanso ngati bukulo litatha pamsika iwo osalipulintanso, ufuluwo ubwerera kwa inu kapena ayi.

Zikhoza kuchitika kuti onse akana, kapena angokhala chete. Pamenepo kudzitulutsira nokha ndi njira yaulemu, ndipo mabuku ambiri achikhristu amene mumawaona m'manja mwa anthu mu Lilongwe muno anatuluka choncho. Kungoti ndalama yoyamba ipite kwa mkonzi, osati kwa wa makina. Nambala ya ISBN, yozindikiritsa buku lililonse pamsika, imatengedwa ku National Archives ku Zomba, komwenso lamulo limafuna kuti mukasiyeko buku lanu likatuluka. Funsani mitengo malo atatu, ndipo muone buku limodzi lachitsanzo musanalole kuti apulinte onse. Adzakuuzani kuti mukapulinta 2,000 mtengo wa buku limodzi utsika, ndipo n'zoona, koma yambani ndi 200 kapena 300. Akatha mudzapulintanso, mutakonza zolakwika zimene owerenga adzakuonetseni. Mwambo wokhazikitsa buku umathandiza kubweza ndalama ngati holo ndi ya mpingo ndipo simunadzipachike ndi zakudya. Chimene chimapha alembi ndi ngongole za abale mwa Ambuye: "ndipatseni limodzi, ndidzakuponyerani pa Mpamba mwezi ukatha." Khalani ndi kope lolembamo, kapena mwana wanu ndiye azigulitsa, poti iye alibe manyazi amene inu muli nawo. Mawailesi monga TWR ndi Radio Alinafe ali mumzinda momwe muno, ndipo mapologalamu a amayi ndi a mabanja amafuna anthu okhala ndi nkhani ngati yanu.

Mkonzi wa pa msonkhano akadzati mumutumizire zonse, tumizani sabata isanathe, mutakonza zimene anakuonetsani, ndipo mumukumbutse kuti munakumana kuti. Kenako dikirani miyezi itatu musanafunse, ndipo mufunse kamodzi, mwaulemu, osati uthenga wa "mwadzuka bwanji" m'mawa uliwonse.

Mwezi ulipo msonkhanowo usanafike. Pemphani amayi a mpando kuti tsiku la chigwirizano likubwerali akupatseni mphindi khumi. Sankhani mitu iwiri, umodzi umene mukuuona kuti ndi wauzimu kwambiri, wina wa tsiku la galimoto lija, ndipo wina aiwerenge mokweza inu mutakhala kumbuyo. Muziyang'ana pamene amayi ayamba kukonza mipango ndi kusuzumira mafoni, ndi pamene mwakhala zii mpaka kumveka mwana akuyamwa. Mutu umene wabweretsa zii uja ndi umene mukapulinte katatu n'kuika m'chikwama.